Nkhondo ya Chiwaya ndi Nkhokwe za Kwathu

Tikamaphunzira za Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse m'kalasi, timayambira ku Sarajevo, kumene Franz Ferdinand adaphedwa pa 28 Juni 1914. Kenaka timaloweza maiko amene adali mbali iyi ndi amene adali mbali inayo, n'kudzamalizira ku Versailles mu 1919. Zimenezi n'zofunika ndithu, ndipo pa mayeso ndizo zimatipatsa malikisi. Koma mnyamata angathe kukhoza mayeso onsewo osadziwa kuti nkhondo yomweyo idalowa m'midzi ya kwa Msakambewa ndi kwa Chiwere ku Dowa, ya kwa Kasakula ndi kwa Nthondo ku Ntchisi, ndipo idachotsamo amuna ndi kupungula nkhokwe.

Ku mapiri a kwathu kuno sikudagwe bomba ndi limodzi lomwe. Palibe msilikali wa Chijeremani amene adapondako. Komabe akuluakulu amene adaona zaka zimenezo adakalamba akuzitchulabe. Iwo ankati nkhondo ya Chiwaya. Ife a lero tikamva za chiwaya timaganiza za tchipisi cha pa Mponela, koma iwo ankanena mfuti ija yolira mosalekeza ngati chimanga chothetheka pamoto. Katswiri wina wa mbiri, Melvin Page, adayenda m'midzi ya m'Malawi muno m'zaka za m'ma 1970 kufunsa okalamba amene adali moyobe, ndipo buku lake la mu 2000 adalitcha dzina lomweli, The Chiwaya War.

Abambo ansembe, makolo ndi inu anzanga, m'nkhani ino ndikufuna tione mbali ya nkhondo imene idamenyedwa popanda mfuti: kumunda, pa mtondo ndi pa bwalo la mfumu. Ine ndikuona kuti amene adalipira kwambiri nkhondo ija ndi anthu amene adatsala pamudzi.

Nkhondo yoyenda pansi

Dziko limene lero ndi Tanzania lidali m'manja mwa Ajeremani, ndipo lathuli, Nyasaland, lidali m'manja mwa Angerezi. Malire adali pa mtsinje wa Songwe ndi pa nyanja. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya boma yotchedwa Guendolen idakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, limene tsopano ndi Liuli. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho kudachitika nkhondo ku Karonga, ndipo Ajeremani adabwezedwa. Zikadathera pomwepo bwenzi anthu a ku Dowa atangomva mphekesera chabe.

Koma mu Meyi 1916 General Edward Northey adawoloka malire ndi gulu lake kulowa m'dziko la Ajeremani. Mkulu wa asilikali a mbali inayo, Paul von Lettow-Vorbeck, sankafuna kuima malo amodzi kuti amenyane mpaka wina agonje. Iye ankamenya n'kuthawa, cholinga chake chili chakuti Angerezi ataye nthawi, anthu ndi chuma pomulondola. Mu Novembala 1917 adawoloka Rovuma kulowa m'Mozambique. Mu 1918 adatulukamo, nakafika mpaka ku Northern Rhodesia, ndipo adatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 Novembala 1918, patapita masabata awiri nkhondo itatha kale ku Ulaya.

Kulondola munthu wotere kumafuna chakudya, zipolopolo, mankhwala ndi mahema, ndipo zonsezi ziyenera kuyenda pamodzi ndi asilikali. Misewu ya galimoto kumeneko idali yochepa, ndipo nthawi ya dzinja inkasanduka matope. Ng'ombe, abulu ndi akavalo zinkafa ndi matenda ofalitsidwa ndi kashembe. Chotsala chidali mutu wa munthu. Apa ndipo padachokera dzina loti mtengatenga.

Masamu a mtengatenga

Tiyeni tichite masamu pang'ono, a Fomu 1 omwe. Tiyerekeze kuti mtengatenga wasenza ufa wolemera makilogalamu 25, ndipo iye mwini amadya kilogalamu imodzi pa tsiku. Ngati asilikali ali pa mtunda wa masiku 5, iye adya makilogalamu 5 popita ndi 5 pobwera, n'kupereka 15. Asilikali aja akasunthira patsogolo n'kukhala pa mtunda wa masiku 10, iye adya 20, n'kupereka 5 okha. Ndiye kuti ufa umene ankabweretsa munthu mmodzi tsopano ufuna anthu atatu. Ndipo popeza ulendo watalika kawiri, pafunika anthu asanu ndi mmodzi kuti ufa uzifika monga kale. Mtunda ukakwana masiku 12 kapena 13, munthu uja wadya katundu wake yense, wangoyenda ulendo wachabe.

Masamu amenewa ndiwo adakhuthula midzi yathu. Lettow-Vorbeck akasuntha, mzere wa amtengatenga unkatalika, ndipo ku maboma onse kunkafika uthenga wakuti tumizani amuna ena. Akatswiri a mbiri amati anthu a m'dziko muno amene adalowa usilikali, makamaka mu King's African Rifles, adali pafupifupi 19,000, pamene amtengatenga adali pafupifupi 200,000. Ena adawerengedwa kawiri chifukwa adatengedwa kawiri. Ngakhale zili choncho, tiyike chiwerengerochi pambali pa china: kalembera wa mu 1921 adapeza anthu pafupifupi 1.2 miliyoni m'dziko lonse. Chotsanipo akazi, chotsanipo ana ndi nkhalamba, muona kuti mwa amuna amphamvu amene adatsala ndi ochepa amene nkhondoyi idawalambalala.

Amtengatenga ambiri sadafe ndi chipolopolo. Adafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, chifukwa chakudya chikachepa, woyamba kumanidwa adali wosenza uja. Munthu wobadwira m'mapiri ozizira ngati a ku Ntchisi akatsikira ku zigwa zotentha za udzudzu, thupi lake silinkachedwa kugonja. Koma za kunjirako tizisiye, tibwerere kumudzi.

Mfumu pakati pa moto uwiri

Mu 1912 boma la atsamunda lidakhazikitsa lamulo lopatsa mafumu ndi anyakwawa ntchito za boma, monga kuthandiza kutolera msonkho ndi kupeza anthu a ntchito. Nkhondo itabwera, lamuloli lidapeza ntchito yaikulu. Bwana wa pa boma ankatumiza mesenjala kwa mfumu kuti pofika tsiku lakuti pakhale amuna angapo. Mfumu ikakana kapena ikachedwa inkatha kulandidwa ufumu kapena kulangidwa. Ikamvera, inkayenera kuloza chala ana ake omwe.

Taganizani bwino za chimenechi. Pa Chichewa mfumu ndi mwini mudzi, wolandira alendo, woweruza milandu, woyang'anira maliro. Anthu amathawira kwa iyo zinthu zikavuta. Tsopano inali iyo yomwe yosankha kuti mwana wa uje apite, mwana wa uje atsale. Nanga ikadasankha bwanji? Mwana wa mlongo wake ikadamupereka? Munthu amene idakangana naye za malire a munda chaka chatha ikadamusiya? Mkamwini, amene ndi mlendo pamudzi, adali ndi womunenera ndani? Ngakhale mfumu yachilungamo sikadatuluka m'ntchito yotere dzina lake lili loyera. Ine ndikuganiza kuti apa nkhondo idaononga chinthu chovuta kukonza kuposa nkhokwe, ndicho kukhulupirirana kwa anthu a mudzi umodzi.

Poyamba ena adapita mwa kufuna kwawo, pofuna ndalama. Koma obwerera atayamba kufotokoza za kunjirako, ndipo ena osabwerera n'komwe, odzipereka adasowa. Pamenepo boma lidayamba kugwira anthu mwa mphamvu. Okalamba a m'zigawo zonse adasimba zofanana: apolisi ndi amesenjala kuzinga mudzi usiku, amuna kumangidwa pa chingwe, ndipo mwamuna akathawa, kugwira mkazi wake kufikira mwiniwake adzionetse. Amene adalephera kukhoma msonkho ndiwo ankayamba kugwidwa. N'chifukwa chake anthu adaitchanso nkhondo ya thangata, ndipo mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana adapitiriza kununkha.

Kuthawira kuphiri sichidali chinthu chachilendo kwa anthu a kuno. Nkhalango ya Ntchisi ndi kumene makolo ankabisala pothawa nkhondo za Angoni zaka makumi angapo m'mbuyomo. Tsono amuna ankagona kuthengo, m'mapanga ndi m'nkhalango, akazi n'kumawapititsira nsima mobisa. Kwina m'chigawo cha pakati dambwe la nyau lidasanduka pobisalira, chifukwa mesenjala wosavinidwa sakadayerekeza kulowako. Ife a mu seminale tikudziwa kuti pakati pa amishoni ndi nyau padali mkangano waukulu m'zaka zimenezo ndi zotsatira zake. Koma tiyenera kumvetsa chifukwa chake munthu amene adapulumukira kudambwe sadafune kumva wina akulinyoza.

Zindikirani chinthu chimodzi apa: wobisala ndi wogwidwa onse awiri sankalima.

Mbumba yopanda mkamwini

Mbali iyi ndi imene ndikufuna tikhalepo nthawi. Kwathu kuno ukwati wambiri udali wa chikamwini, ndipo m'midzi yambiri uli choncho mpaka lero. Mwamuna amakakhala kwa mkazi. Ntchito zolemetsa za pakhomo zimayang'ana iye: kuswa mphanje, kudula mitengo, kuluka nkhokwe, kufolera nyumba, kusaka ndalama ya msonkho. Mayi akakhala pa vuto amathamangira kwa mlongo wake, mwini mbumba. Tsono nkhondo inkatenga mkamwini m'mudzi uno, n'kutenganso mwini mbumba m'mudzi umene iyeyo adakwatira. Mayi ankatsala wopanda mwamuna, wopandanso mlongo womuimira pa bwalo.

Ulimi suyembekeza munthu. Kusosa kuli ndi nthawi yake, mvula isanagwe. Kubzala kuli ndi masiku ake owerengeka. Kupalira kukachedwa masabata awiri mu Disembala kapena Januwale, udzu wapambana, ndipo chimanga chimene chafiira sichibwereranso. Mwamuna wotengedwa mu Okutobala n'kubwera mu Epulo, ngakhale abwere wamoyo ndi ndalama m'thumba, wataya chaka chathunthu. Mayi yekha, mwana kumsana, akadalima gawo chabe la munda. Mphanje sakadaswa, ndiye ankabwereza pa nthaka yotopa. Ndipo aliyense wokulira m'mapiri muno akudziwa kuti kulima ndi theka chabe la ntchito: masana pafunika wopirikitsa anyani, usiku wolondera nguluwe. Munda wa m'mphepete mwa phiri wopanda mlonda ndi munda wa anyani.

Wina anganene kuti akadaitana dima. Inde, makolo adali ndi njira imeneyi: kufulula mowa, kuitana anansi, munda n'kutha tsiku limodzi. Koma dima limafuna zinthu ziwiri, chimanga cha mowa ndi anthu odzalima, ndipo zonse ziwiri n'zimene nkhondo idatenga. Mutu umodzi susenza denga, akuluakulu adatero. M'zaka zimenezo mwambiwu udaleka kukhala mwambi, pakuti madenga enieni ankadontha posowa owakweza.

Pamwamba pa izi boma linkafunanso chakudya. Asilikali ndi amtengatenga zikwizikwi aja ankadya zochokera m'minda ya anthu: chimanga, nyemba, mpunga wa ku Nkhotakota, ng'ombe ndi mbuzi. Zambiri zinkagulidwa, koma pa mtengo wonena boma, ndipo mudzi sudali ndi ufulu wokana. Njira ya kale yochokera ku doko la Domira Bay kukwera mapiri kudzera ku Mvera ndi ku Dowa idali imodzi mwa njira zolumikiza chigawo chino ndi sitima za pa nyanja. Tikumbukirenso kuti zigayo m'midzi kudalibe. Thumba lililonse la ufa wochokera kumudzi lidadutsa mu mtondo: kukonola, kupeta, kuviika, kusinja, kusefa, kuyanika. Amayi athu akudziwa kuti dengu limodzi lokha limadya maola angati. Choncho mayi yemwe uja, amene adalandidwa wolima, ankasinjanso ufa wodyetsa nkhondo imene idamulanda wolimayo.

Agogo anga aakazi amasimba zimene adamva kwa agogo awo, kuti chaka china cha nkhondoyo pakhomo pawo adadya mbewu imene adasungira kubzala, ndipo mvula itagwa adayenda midzi itatu kupempha zitsononkho zochepa zokha. Nkhaniyi amaisimba mwachidule, nthawi zambiri potidzudzula tikataya nsima. Koma m'menemo muli phunziro lonse la chuma cha pamudzi: njala ya chaka chimodzi ikafika pa mbewu, yabala kale njala ya chaka chamawa. Pofika 1918 chakudya chidasowa m'madera ambiri a dziko lino.

Msonkho nawo sudapite ku tchuthi. Pa nthawiyo msonkho wa nyumba udali masheleni 8 pa chaka, koma wogwirira mzungu ntchito mwezi umodzi ankalipira 4. Ku Dowa ndi ku Ntchisi fodya wogulitsa adali asanafale, ndiye ndalama inkapezeka poyenda: ku minda ya azungu ku Blantyre ndi ku Zomba, kapena ku Halale. Motero midzi idali itayamba kale kuchepa amuna nkhondo isanabwere. Ndipo ndalama imene amtengatenga ankabwera nayo idapeza zinthu zitakwera mtengo. Sitima za pa nyanja zikuluzikulu zidatanganidwa ndi nkhondo, mafakitale a ku Ulaya adatembenukira ku zida, ndipo nsalu, makasu ndi zina za m'sitolo zidasowa ndi kudula. Kwina anthu adabwerera ku nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo imene adali atayamba kuiwala.

Sindikunena kuti palibe adapindula. Msilikali wa KAR ankalandira bwino kuposa mtengatenga, ndipo ena adabwera ndi ndalama zogulira ng'ombe kapena makina osokera. Ogulitsa zinthu nawo sadalire. Nkhondo iliyonse ili ndi anthu ake amene imawanenepetsa. Koma iwowa adali owerengeka.

Chomaliza kufika chidali fuluwenza. Mliri umenewu udazungulira dziko lonse lapansi mu 1918 ndi 1919 ndipo udapha anthu ambiri kuposa nkhondo yeniyeniyo. Kuno udafika chakumapeto kwa 1918, nthawi yomwe asilikali ndi amtengatenga ankamasulidwa kubwerera kwawo. Njira zomwe zija zidatenga amuna ndizo zidabweretsa matenda. Tangoganizani mayi amene wadikira mwamuna wake miyezi yambiri, wamulandira ndi nthungululu, ndipo sabata isanathe nyumba yonse ili gone. Mliriwo udapeza matupi ofooka kale ndi njala, ndiponso udafika pa nthawi yobzala.

Amene adaona msanga

Munthu mmodzi amene adaona zimenezi nkhondo itangoyamba ndi Mbusa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake idali yakuti anthu osauka a dziko lino akuitanidwa kukafera mkangano umene si wawo, ndipo adzasiya akazi amasiye ndi ana amasiye m'umphawi, pamene nthawi ya mtendere sawerengedwa kanthu. Boma silidamvere. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira, ndipo pa 3 Febuluwale iye adaphedwa. Ife Akatolika timakumbukira kuti m'masiku amenewo mishoni yathu ya ku Nguludi idatenthedwa ndipo wansembe adavulazidwa. Chimenecho chidali choipa, ndipo sindichibisa. Koma kalata ija idanena zoona, ndipo idazinena mtengatenga wa ku Dowa asanayambe n'komwe kugwidwa mwaunyinji.

Mipingo nayo idalawa nkhondoyi. Ku Dowa panthawiyo kudali mishoni za a Dutch Reformed, ku Mvera kuyambira 1889 ndi ku Kongwe kuyambira 1894. Ya Akatolika ku Nambuma idadzatsekulidwa pambuyo pake, mu 1928. Abambo Oyera adali ku Mua, ku Likuni, ku Kachebere ndi kwina, pansi pa Ambuye Mathurin Guillemé. Amishoni a mipingo yosiyanasiyana adatengedwa kukatumikira ku nkhondo, ena ngati ansembe a asilikali ndi osamala odwala, ena ngati oyang'anira amtengatenga. Aphunzitsi ndi akatekisiti ambiri adapitanso, ndipo sukulu za m'midzi zidatsala zopanda owaphunzitsa. Apa pali chinthu chimene chimandivuta. Wansembe woyenda ndi amtengatenga adabatiza akufa ndi kumanga zilonda, ntchito yachifundo ndithu. Koma kwa mayi wa kumudzi, mzungu wa tchalitchi ndi mzungu wa boma tsopano ankaoneka ali pa mzere umodzi. Nanga Angerezi ndi Ajeremani onse sadali akhristu? Funso limeneli anthu adalifunsa, ndipo silidali lachibwana.

Ku Roma, Papa Benedikto XV, amene adasankhidwa mu Sepitembala 1914, adalembera atsogoleri a maiko omenyanawo pa 1 Ogasiti 1917 kuwapempha kuti aleke, nanena kuti kuphanako kudalibe phindu. Sadamumvere. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992, pa nambala 2309, amaika zinthu zoyenera kukwaniritsidwa dziko lisanatenge zida podziteteza, ndipo chimodzi mwa izo n'chakuti zoipa zobwera ndi nkhondoyo zisapose choipa chimene akufuna kuchotsa. Funso langa kwa aphunzitsi athu a za chikhulupiriro ndi ili: poyeza zoipazo, kodi munda wosapalira wa ku Ntchisi umaikidwa pa sikelo? Chifukwa amene amayeza amakhala ku London kapena ku Berlin, ndipo amawerenga asilikali, sitima ndi ndalama za boma.

Malembo Oyera amaudziwa munda umenewo. Pa Deuteronomo 20:5-7 lamulo limalola kubwerera kwawo munthu amene wamanga nyumba yatsopano, amene wabzala munda wamphesa koma sanadyeko zipatso zake, ndi amene watomera mkazi. Aisraele adazindikira kuti mudzi uyenera kukhalabe ndi moyo nkhondo ili mkati. Pa 1 Samuele 8 mneneri akuchenjeza anthu ofuna mfumu kuti idzatenga ana awo aamuna, ana awo aakazi, minda yawo ndi gawo la zokolola zawo. Ndipo Lachisanu lililonse la nyengo ya Lenti, pa malo achisanu a Njira ya Mtanda, timakumana ndi Simoni wa ku Kirene, munthu wa ku Afrika kuno, amene asilikali a ufumu wachilendo adamugwira akuchokera kumudzi n'kumusenzetsa katundu amene sadali wake. Marko, pa 15:21, amatchula ngakhale maina a ana ake awiri. Ine ndikafika pa malo amenewa ndimaganiza za amtengatenga, ndiponso za mkazi wa Simoni amene ankadikira kunyumba osadziwa chimene chamuchedwetsa.

Zimene zidatsalira

Nkhondo idatha, koma midzi sidabwerere m'mene idalili. Amuna amene adaona Iringa, Songea ndi Mozambique adabwera ndi maso ena. Adaona azungu akuthawa, akulira, akufa ngati munthu wina aliyense. Ena sadathenso kukhazikika pa chikamwini, ndipo ulendo wa ku Halale ndi ku Joni udakula. Mabungwe a anthu akuda odandaulira boma, amene adayamba kumpoto mu 1912, adachuluka nkhondo itatha, ndipo m'kupita kwa nthawi adadzagwirizana kupanga Nyasaland African Congress mu 1944.

Fodya amene lero timamuona ngati mbewu ya makolo adafala m'zaka zomwezo. Mu 1919 Britain, itatopa ndi ngongole za nkhondo, idatsitsa msonkho wa fodya wochokera m'maiko a ufumu wake. M'zaka za m'ma 1920 alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa adayamba kulima fodya wochuluka, ndipo mu 1926 boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira malondawo. Kuyambira pamenepo mtengo wa zinthu ku maiko akutali udayamba kulowa m'nyumba ya mlimi wa ku Madisi chaka ndi chaka. Tidazionanso m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala katundu n'kukwera mtengo, ndiponso mu 2022, pamene nkhondo ya Russia ndi Ukraine idawonjezera kudula kwa feteleza.

Chotsalira china timachivina. Mganda, gule amene Dowa ndi Ntchisi amanyadira, uli ndi mizere yowongoka, mayunifolomu oyera, maudindo onga a usilikali, ng'oma yaikulu ndi zipanda zolira ngati malipenga a bandi. Akatswiri ambiri a mbiri amati magule a mtundu umenewu, pamodzi ndi malipenga a m'mbali mwa nyanja ndi beni wa kum'mwera, adakula potsanzira perete wa asilikali. Nthawi ina mukadzaonera mganda pa tchuthi, mudzayang'ane bwino mayendedwe a mapaziwo. Chimandisangalatsa n'chakuti anthu adatenga chinthu chimene chidawazunza n'kuchisandutsa chosekera ndi chokopera atsikana. Koma onaninso kuti amene amakumbukiridwa m'guleyo ndi msilikali. Palibe amavina atasenza thumba la ufa.

Ku Zomba kuli nsanja ya chikumbutso cha King's African Rifles, ndipo pa iyo padalembedwa maina a asilikali amene adafa pa nkhondoyi. Mwezi wa Novembala chaka chilichonse atsogoleri amaika nkhata za maluwa pokumbukira asilikali, ndipo n'koyenera kutero. Amtengatenga ambiri adaikidwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, ndipo mwina mpaka 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Afrika ndi ku Egypt, sadakumbukiridwe ndi maina awo kapena sadakumbukiridwe n'komwe, pamene azungu anzawo adalembedwa mmodzimmodzi. Boma la Britain lidapepesa. Chiwerengero chimenechi n'cha okhawo amene adafera pa ntchito ya nkhondo. Mwana amene adafa ndi njala kwa Chiwere mu 1918, ndi mayi amene adafa ndi fuluwenza pafupi ndi Kongwe atangolandira mwamuna wake, sali m'gulu limeneli, chifukwa iwowo sadalembedwe ntchito ndi munthu aliyense.